Kuchepetsa phokoso la njinga yamoto yakale n'kuibwezera mawu ake

Ku Britain, kwawo kwa njinga zamoto za Triumph, Norton ndi BSA, kuli anthu ambiri amene akusungabe njinga za m'ma 1950 mpaka m'ma 1970 ngati chuma cha pamtima. Amazipukuta, amazisakira zipangizo kutali, ndipo Lamlungu kukacha bwino amazitulutsa pamsewu. Chimene chimawayambanitsa ndi anansi awo, ngakhalenso pakati pa eni akewo, ndi kulira kwa ekizozi. Ena amati njinga yakale iyenera kubangula, ndipo kuitontholetsa n'kuivula ulemerero. Ine ndikuona kuti akulakwitsa kuyambira pa phata. Phokoso limene limagonthetsa m'khutu pa njinga zambiri zakale lero si limene zinatuluka nalo kufakitale. Ndi la dzimbiri, la manati okhwepa, ndi la masayilensa ongofanizira amene kunja akung'anima ngati enieni pomwe m'kati mwake muli pululu.

Gwero la phokosolo ndi losavuta kulimvetsa. Petulo akapsa m'silinda, valavu ya ekizozi imatseguka ndipo utsi wotentha, wopanikizika, umatuluka kamodzin'kamodzi ngati kuphulika. Pa Triumph Bonneville, imene inayamba kugulitsidwa mu 1959 ndi injini ya 650cc ya masilinda awiri, injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi kuphulikako kumachitika ka 50 pa sekondi iliyonse. Sayilensa ntchito yake n'kusalaza kugunda kumeneku, ndipo imatero m'njira ziwiri. Ina imakhala ndi timagome tachitsulo ndi tizipinda timene timakhotetsa utsi, mafunde a phokoso n'kumabwerera, kumagundana okhaokha mpaka kufooka. Njira imeneyi ndiyo imagwira mawu aakulu, apansi. Ina ndi paipi yobowolabowola yokutidwa ndi ubweya wagalasi kapena wachitsulo, umene umamwa mawu osongoka, ong'amba khutu aja. Zonsezi zimatha ndi zaka. Timagome timadyeka ndi chinyezi cha utsi, makamaka pa njinga yoyenda maulendo afupiafupi, ndipo ubweya umapsa n'kuuluzika pang'onopang'ono. Mwini wake sazindikira, chifukwa khutu lake lazolowera limodzi ndi kukula kwa phokosolo.

Komabe ntchito yabwino yochepetsa phokoso imayambira ku injini, kumene paipi yalowa m'mutu wa silinda, osati kumchira. Pa Norton Commando, imene inatuluka mu 1967, paipi imagwiridwa ndi nati yaikulu yazipsepse yolowa m'mutu wa aluminiyamu. Kunjenjemera kwa injini kumaikhwefula, ndipo ikakhala yokhwepa nthawi yaitali imadya mazinga a m'mutumo mpaka kukonza kwake kumadula. Chizindikiro chimaoneka ndi maso: kamzere ka mwaye wakuda kuzungulira polumikizira, ndi kamawu kothetheka injini ikadali yozizira. Podontha pomwepo pamalowanso mpweya wa kunja, umene umayatsa petulo wotsalira m'paipi, ndiye kuphulika kuja kumamveka woyendetsa akabweza moto potsetsereka. Gasiketi yatsopano ndi nati yomangidwa bwino, yomangidwanso kachiwiri injini itatentha, zimachotsa phokoso lambiri sayilensa isanakhudzidwe n'komwe. Makaniko aliyense wokonza njinga za kabaza ku Mzuzu kapena ku Limbe amalidziwa vuto limeneli, poti injini yaing'ono ya silinda imodzi imadontha chimodzimodzi. Kenaka ndiye mufike pa sayilensa. Mukaigogoda ndi chikhatho n'kumva zidutswa zikuwayawaya m'kati, timagome tagwa. Ngati ndi yotseguka, ubweya watsopano uyenera kukulungidwa mokwanira koma osauthinitsa, pakuti wothinitsidwa kwambiri umalimba n'kuleka kumwa phokoso.

Otsutsa amayamba ndi mbiri: amati njinga izi zinapangidwa m'nthawi imene kunalibe wodandaula za phokoso. Mafakitale enieniwo akuwatsutsa. Mu 1969 Triumph inaika kapaipi kolumikiza mapaipi awiri a ekizozi pafupi ndi injini, kuti utsi wa silinda iliyonse uzigawikana m'masayilensa onse awiri, ndipo kulira kunafewa. Kuyambira 1973 Norton inatulutsa Commando 850 yokhala ndi masayilensa a zivindikiro zakuda kumapeto ndi bokosi lalikulu la mpweya wolowa m'injini, pofuna kukwaniritsa malamulo a phokoso a ku Ulaya. N'zoona kuti eni ake ambiri sanawakonde masayilensa amenewo, anawachotsa n'kubwezerapo opyapyala akale otchedwa peashooter, ndipo sindikuwaweruza, chifukwa mawu a njinga ndi mbali ya kukoma kwake. Koma chimene khutu limazindikira kuti iyi ndi njinga ya ku Britain ndi kagundidwe kake. Pa injini zimenezi mapisitoni awiri amakwera ndi kutsika limodzi, moto n'kumayaka mosinthana pa mpata wofanana. Kagundidwe kameneka kali m'injini, sayilensa singakachotse. Ng'oma yokungidwa bwino imamveka kuti ndi iti ngakhale woimba asaimenye ndi mphamvu zonse.

Chachiwiri amati kutseka ekizozi kumapha mphamvu. Apa pali choona, ndipo tisachibise. Kungosokomeza chitsulo kumapeto kwa paipi kumatsamwitsa injini, utsi umachedwa kutuluka, ndipo injini yozizitsidwa ndi mphepo ngati imeneyi imatentha msanga. Komabe paipi yopanda kanthu si mankhwala. Imathandiza pang'ono injini ikamazungulira pamwamba penipeni, monga pa mpikisano, koma pa liwiro la m'tauni nthawi zambiri imafooketsa kakokedwe, njinga n'kumadodoma poinyamula. Chofunika kwambiri n'chakuti ekizozi ndi kabureta zimayendera limodzi. Makabureta a Amal amene ali pa njinga zambiri za nthawi imeneyo anaikidwa majeti oyenerana ndi sayilensa ya kufakitale. Mukasintha sayilensa, kaya kuitsegula kaya kuibwezera timagome, muyenera kuonanso majeti ndi singano yake. Pulagi imakuuzani: yoyera mbuu ndiye kuti petulo akuchepa ndipo pisitoni ikhoza kubooka, yakuda bii ndi mwaye ndiye kuti wachuluka, yofiirira pang'ono ndiye zili bwino.

Mfundo yachitatu ndiyo imanenedwa ndi mtima wonse, yoti phokoso limapulumutsa moyo chifukwa oyendetsa galimoto amakumva usanafike. Mantha a wokwera njinga pakati pa magalimoto ndi enieni. Koma kafukufuku wotchuka wa Harry Hurt ku California, amene anatuluka mu 1981, anapeza kuti pa ngozi zinayi zilizonse, zoposa zitatu choopsa chinachokera kutsogolo kwa njinga, kawirikawiri galimoto yokhota kapena yotulukira pamphambano. Ekizozi imalozera kumbuyo. Amene amaimva bwino ndi amene mwamudutsa kale, ndi mwana wogona m'nyumba ya m'mbali mwa msewu. Nyali yoyaka, chovala chooneka ndi huta yolira bwino zimafika kumene kuli ngozi. Ndipo khutu la wokwerayo nalo limalipira. Akatswiri a zaumoyo pantchito amaika malire pa madesibelo 85 kwa maola 8, ndipo madesibelo 3 aliwonse owonjezera amadula nthawiyo pakati. Pa madesibelo 100 yatsala mphindi 15 zokha.

Malamulo nawo akusonyeza kumene mphepo ikulowera. Kuyambira May 2018 njinga yoposa zaka 40 ku Britain siikakamizidwa kupita kukayezedwa chaka ndi chaka pa mayeso a MOT, koma malamulo a 1986 oletsa kusintha sayilensa kuti ikuze phokoso akugwirabe ntchito pa njinga yakale monga pa yatsopano. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano palibe woyeza amene adzaone kamzere ka mwaye kaja, koma mwini wake yekha. Mu 2022 boma la kumeneko linayesa makamera omva phokoso m'misewu ingapo. Ku Tyrol, m'dziko la Austria, anapitirira pamenepo. Mu 2020, anthu a m'midzi ya m'mapiri atadandaula kwa zaka zambiri, misewu ina ya m'boma la Reutte inatsekedwa m'nyengo yachilimwe kwa njinga iliyonse imene mapepala ake amasonyeza phokoso loposa madesibelo 95 itaima. Chiletsocho chinagwira ngakhale njinga zina zatsopano zimene eni ake sanazisinthe kanthu.