Ndalama Za Boma Ndi Mlimi Wa Kutali

Acikumbe anzanga, pali funso limene libwera kawirikawiri pa misonkhano ya alimi a m'midzi yakutali. Anthu ati: msonkho tipereka tonse, nanga cifukwa ninji mseu wabwino, cipatala ndi msika zithera kufupi ndi tauni, kwathu kuno ai? Funso ili ndi la nzeru, ndipo liyenera yankho loona.

Caka ndi caka Boma liwerengera ndalama zimene liyembekeza kulandira, za misonkho ndi zokongola, ndipo lizigawa m'matumba awiri. Thumba loyamba ndi la zolipira za masiku onse: malipiro a aphunzitsi, alangizi ndi anamwino, kugula mankhwala, ndi kukonza miseu yakale. Laciwiri ndi la citukuko, ndilo lomangira zinthu zatsopano monga milatho, zitsime ndi masukulu. Koma lisanagawe, Boma liyamba lapatula zobwezera ngongole, monga munthu amene anakongola cimanga pa njala ayamba wabweza asanadzaze nkhokwe yace. Ngongole ikakula, zotsalira midzi zicepa.

Mbiri ya dziko lathu itiphunzitsa bwino zimenezi. Njanji yocokera ku Port Herald, kumene tsopano ndi Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Ina yopita ku doko la Beira inatsegulidwa mu 1922. Mu 1935 anatsiriza mlatho waukuru wa pa Zambezi, wotalika kupitirira mamailosi awiri, ndipo caka comweco njanji inafika ku Salima. Nchito zimenezi zinamangidwa ndi ndalama zokongola, ndipo Boma la Nyasaland linasenza katundu wa ngongoleyo zaka zambiri. Munthu wa ku Misuku kapena ku Mzimba anali kupereka msonkho wa nyumba monga anzace onse, koma njanjiyo inathera kutali ndi munda wace.

Tsono taganizani za mlimi wopanda mseu. Thumba la cimanga la masiku aja linali lolemera mapaundi 200. Mtengatenga mmodzi anali kusenza monga mapaundi 50, kotero kuti thumba limodzi linafuna amuna anai. Ngati msika uli ulendo wa masiku atatu, amunawo ayenera kudya ndi kulipidwa, popita ndi pobwera pomwe. Pofika ku msika phindu lonse lathera m'njira. Cifukwa cace mlimi wotere alima zongokwanira banja lace, osati cifukwa ca ulesi, koma cifukwa adziwa kuwerengera. Ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene anyamata ambiri a Cigawo ca Kumpoto anacokera kwao kunka ku Joni ndi ku Harare, ena nasanduka machona, minda nitsala m'manja mwa amai ndi okalamba.

Cigawo cimeneci cinadalira kwambiri sitima za pa nyanja. Pamene Vipya inamira mu 1946, anthu ambiri anataya moyo, ndipo ulendo wa pa nyanja unabvuta kufikira Ilala inayamba kuyenda mu 1951. Mseu wocokera ku Karonga kunka ku Chitipa, wa mamailosi monga 60, unatha kuikidwa phula ndi ndalama za ku China patapita zaka pafupifupi 50 cilandirire ufulu wa 1964. Zaka zonsezo khofi wa ku Misuku ndi nyemba za ku Chitipa zinali kudikira malole amene anali kutitimira m'matope pa dzinja.

Cifukwa cimene akutali atsalira ncosabisika. Kumene midzi ili yotalikirana, mseu umodzi uthandiza anthu owerengeka, ndipo sementi ndi zitsulo zifika zitakwera mtengo. Wogawa ndalama akangoyang'ana ciwerengero ca anthu, asankha kufupi nthawi zonse. Koma aiwala kuti kusowa kwa mseu ndiko kucepetsa zokolola, ndi kuti zokolola zocepazo ndizo pambuyo pace aziyesa umboni wakuti kumeneko sikufunika mseu.

Njira ina inaoneka ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968. Kumeneko Boma linapereka mipope ndi amisiri, ndipo eni midzi anakumba okha ngalande zoikamo mipopeyo, madzi a m'phiri natsikira m'midzi popanda injini. Popeza anthu anathirapo thukuta lao, mtengo wace unatsika, ndipo nchito yotere inafalikira ku Mulanje ndi ku maboma ena. Komabe kumene ndalama zokonzera zinasowa pambuyo pace, mipope ina inauma. Kumanga kucokera m'thumba laciwiri, koma kusunga kucokera m'thumba loyamba, ndipo loyambalo ndilo liiwalika msanga.

Cotero inu alimi, pamene mfumu iitana msonkhano wa citukuko, musakhale kumunda. Pitani, ndipo mugwirizane pa cinthu cimodzi cimene cisowa koposa, pakuti mudzi wopempha zinthu khumi kawirikawiri subwera ndi kanthu. Ngati ndi mlatho, nenani matumba angati a mtedza kapena mpunga amene alephera kuoloka caka ciri conse, ndi amai angati apakati amene alephera kufika ku cipatala madzi akadzala. Khonsolo imva msanga ciwerengero koposa madandaulo. Mufunsenso kuti nchitoyo ikatha adzaikonza ndani, ndi ndalama za thumba liti.

Mbali yanu musaileke. Walira mvula walira matope: mseu mukaulandira, tsegulani ngalande zace mvula isanayambe, ndipo musalime mizere yotsetserekera mu mseu, pakuti madzi a m'munda mwanu ndiwo adzaukumba. Mseu ukaduka, woyamba kutaya ndiye mwini thumba limene latsala tsidya lino.