Manja a ku Magomero

Mlendo wotsika minibasi pa Namadzi, pa msewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, nakwera kabaza kulowera ku Magomero, akafunsa za mbiri ya dzikolo adzauzidwa za Bishopu Charles Mackenzie amene anamanga misasa kumeneko mu 1861 pamodzi ndi akapolo omasulidwa. Adzauzidwanso za usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene anthu a John Chilembwe ochokera ku Mbombwe anapha William Jervis Livingstone, mzungu woyang'anira esiteti ya A. L. Bruce. Koma za manja amene akhala akudyetsa mudziwo kufikira lero lino, ochepa ndiwo adzamfotokozera.

Ambiri mwa eni manjawo ndi zidzukulu za Alomwe amene anadza kuchokera ku Mozambique kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, nagwa m'goli lina la thangata. Munthu wa thangata analima thonje ndi fodya wa mwini malo, ndipo thukuta lake silinali lake. Ngakhale tchalitchi ndi sukulu zimene anadzimangira zinatenthedwa. Chifukwa chake ndikaona mayi atayala nandolo, chinangwa ndi kalongonda pa msika wa Namadzi, natchula yekha mtengo wa zimene walima yekha, mtima wanga umandiuza kuti ufulu umene makolo ake anaulirira ndi womwewo.

Pambali pake pamakhala mmisiri wa malata akusula mbaula ndi ndowa, telala akupalasa makina pa khonde la sitolo, nkhalamba yoluka malichero ndi mphasa, ndi mnyamata wa Airtel Money ndi Mpamba pansi pa ambulera. Mpamba wa ambiri a iwo suchokera ku mabanki a ku Limbe ayi, koma ku banki m'khonde, kumene amayi amasonkha pang'onopang'ono nabwerekana mwa ulemu. Ndipo nzeru zoterezi amafalitsa m'midzi ndi alangizi a chitukuko, amene ambiri a iwo anaphunzira pa koleji ya boma ya pa Magomero pomwepo.

Dziko la Asia nalo lili pamsikapo. Kale Amwenye anali ndi masitolo m'misika ya kumidzi, kufikira boma la Kamuzu Banda linawalamula m'zaka za m'ma 1970 kuti malonda awo azichitira m'mizinda ikuluikulu yokha. Anthuwo anachoka, koma katundu wa ku Asia wabwera mochuluka koposa: njinga zamoto za ku India ndi ku China, zitenje, mabigiri ndi mabeseni a pulasitiki. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sitikana, pakuti njinga yamoto yafikitsa amayi apakati ambiri kuchipatala nthawi isanathe. Komatu kalumo komweko kacheka woumba mbiya, popeza mtsikana wopita ku mjigo sasenzanso mtsuko wolemera ndi wosweka msanga, ndipo mwana amene saona amake akukanya dothi sadzadziwa kuumba.

Chimene sitolo iliyonse yalephera kulowa m'malo mwake ndi tchopa, gule wa Alomwe. Ng'oma zitatu zikalira, amuna ndi akazi atavala zikopa ndi nthenga, ena atabereka mitolo kumsana, amazungulira bwalo monga anachitira makolo awo pothokoza zokolola, pokondwerera ulenje, kapena popereka nsembe m'chaka cha chilala. Bungwe la UNESCO linalemba guleyu m'kaundula wa chuma cha anthu onse mu 2014, ndipo a bungwe la Mulhako wa Alhomwe amamuonetsa pa chikondwerero chawo kwa Chonde ku Mulanje. Koma wosema ng'omayo ndi wofufuta chikopacho ali amisiri ofuna kudya monga anzawo, ndipo kuwaitana tsiku limodzi pa chaka kudzasangalatsa nduna, nkuwabweza ndi botolo la zakumwa, ndiko kuwachepetsa. Oitana ovina awalipire monga alipira telala, ndipo masukulu a m'boma la Chiradzulu, momwe muli Magomero, agule ng'oma kwa osema a m'midzi yawo yomwe.