Nthambi za Kampani Zikasiya Kumvana pa Netiweki

"Pepani, netiweki yavuta." Mawu amenewa tinawazolowera tikakhala pamzere kubanki kapena kumaofesi ena. Ine ntchito yanga ndi yolumikiza makompyuta a makampani, ndiye ndikawamva ndimafuna kudziwa kuti yavuta pati kwenikweni. Nthawi zambiri mawaya amakhala ali bwinobwino, magetsi alipo, koma makina otchedwa router asiya kumvana.

Router ndi imene imasankha njira yoti uthenga udzere pochoka pa kompyuta ina kupita pa inzake. Makampani ambiri aakulu amayendetsa makinawa ndi dongosolo la OSPF, lomwe malamulo ake ofala lero anawalemba John Moy mu 1998. Netiweki ikakula timaigawa m'zigawo zotchedwa area, kuti router iliyonse isamasenze mapu a kampani yonse. Chigawo chachikulu ndi area 0. Uthenga wochoka m'chigawo china kupita china uyenera kudzera mmenemo, monga mmene misewu ya m'maboma ambiri imakathera mu M1.

Tiyerekeze kuti likulu lili ku Lilongwe mu area 0, nthambi ya Blantyre ili mu area 1, ya Mzuzu mu area 2, ndipo a ku Blantyre sakutha kufika pa makompyuta a ku Mzuzu. Ine ndimayambira pa router ya m'malire, imene mwendo wina uli mu area 0 wina mu area 1. Pa makina a Cisco ndimalemba show ip ospf neighbor, n'kuyang'ana mawu akuti FULL, osonyeza kuti router ndi inzake zagwirizana kwathunthu. Ma router oyandikana amapatsana moni masekondi 10 aliwonse, ndipo akatha masekondi 40 mnzake ali zii, amamutenga kuti wafa. Nambala zimenezi zikasiyana mbali ziwirizo, ngakhale nambala ya area kapena mawu achinsinsi, sagwirizana ngakhale pang'ono.

Vuto limene limandiwawa kwambiri ndi la MTU, kukula kwa phukusi la uthenga limene waya amaloledwa kunyamula. Uku alemba 1500, uko 1400. Ukayesa ping, yoonera ngati makina a uko akuyankha, imayankha bwinobwino, bwana n'kumati zonse zili m'malo, chonsecho ma router angoima pa EXSTART osapatsana mapu. Munthu atha kutaya tsiku lonse akusintha mawaya abwinobwino.

Moni ukamayenda, ndimaona show ip route. Njira zochokera m'zigawo zina zimakhala ndi chizindikiro cha O IA. Zikasowa, kawirikawiri pali chigawo chimene sichikukhudza area 0. Zimachitika kampani ikatsegula nthambi mothamanga, tinene ku Karonga, n'kuilumikiza ku Mzuzu ngati area 3. Virtual link, njira yolumikiza chigawo chotere ku area 0 kudzera m'chigawo china, imatha kupulumutsa zinthu, koma ndi chigamba chabe, ndipo sidutsa m'chigawo cha stub, chimene sichilandira njira zochokera kunja kwa OSPF. Palinso ena amakopera dongosolo la router ina kuika pa inzake, ziwirizo n'kukhala ndi nambala yozizindikiritsa (router ID) imodzi, njira n'kumangobwera n'kusowa.

Kuzimitsa ndi kuyatsa makina sikuchiza chilichonse mwa zimenezi, kumangofufuta umboni. Inu akuluakulu a makampani, uzani akatswiri anu alembe mapu osonyeza area iliyonse ndi router yake ya m'malire, ndipo aziwakonzanso tsiku lomwe mwatsegula nthambi yatsopano.