Mbiri ya Toyota ndi Mkangano wa Eni Magalimoto

Pa holide yapitayi ndinakaceza kwa atsibweni anga ku Mitundu. Tsiku lina madzulo titakhala pakhonde, kunafika mnzao wa ku Nathenje, ndipo posakhalitsa awiriwo anayamba kutsutsana za magalimoto. Atsibweni ali ndi minibasi ya Toyota Hiace imene imanyamula anthu pakati pa Mitundu ndi Lilongwe. Iwo anati, "Acimwene, galimoto iyi ndiyo munda wanga. Fizi ya mphwangayu imacokera m'menemu." Koma mlendoyo anapukusa mutu, nati, "Musandikumbutse, acimwene. Ine ndinathira ndarama za fodya wa zaka ziwiri m'galimoto yaing'ono yocokera ku Japan komweko, lero nkhuku zirikuikira mazira m'menemo."

Ine ndinakhala cete monga ayenera kucitira mwana pamene akulu alikulankhula, koma mumtima ndinadabwa. Onse awiri ndi anthu oona mtima. Nanga bwanji wina alikutama ndipo wina alikulira? Nditabwerera kuno ku Likuni ndinafufuza mbiri ya magalimoto amenewa, ndipo ndifuna kukuuzani, anzanga, zimene ndinapeza, pakuti ambiri a ife timaphunzira ndi ndarama zocokera m'magalimoto otere.

Ciyambi cace ndi nsaru

Mwina mudzadabwa kumva kuti kampani ya Toyota sinayambe ndi magalimoto iai. Inayamba ndi makina oombera nsaru. M'caka ca 1867 kunabadwa mwana dzina lace Sakichi Toyoda, m'dera la Shizuoka ku Japan. Atate ace anali mmisiri wa matabwa ndiponso mlimi, ndipo amai ace ankaomba nsaru pamanja. Mnyamatayo poona kubvutika kwa amai a m'mudzi mwao, anayamba kuganiza za makina opeputsa nchitoyo.

Bvuto lalikuru la makina oombera linali ili: ulusi umodzi ukaduka, makina ankangopitirira kuomba, nsaru yonse nkuonongeka. Sakichi anapanga makina amene ankaima okha ulusi ukangoduka, kuti munthu akonze colakwaco cisanakule. M'caka ca 1924 anatsiriza makina ace ochuka ochedwa Type G, ndipo mu 1929 kampani ya ku Mangalande, ya Platt Brothers, inabvomera kulipira mapaundi 100,000 kuti iloledwe kupanga makina otero. Musaiwale za ulusi wodukawu, cifukwa tidzakomana naonso.

Mwana wace, Kiichiro Toyoda, ndiye anakonda magalimoto. Masiku amenewo misewu ya ku Japan inali yodzaza ndi magalimoto a Ford ndi Chevrolet a ku Amereka. Mu 1933 iye anatsegula cigawo ca magalimoto m'kati mwa kampani ya makina a nsaru. Lole yoyamba inatuluka mu 1935, galimoto yoyamba yokwera anthu mu 1936, ndipo mu 1937 kampani ya Toyota Motor inaima payokha. Dzina la banjalo, Toyoda, litanthauza munda wa mpunga wobereka zambiri. Analisintha pang'ono kukhala Toyota, pakuti m'malembo a Cijapani dzina limeneli lilembedwa ndi mizere 8, nambala imene iwo amati ndi yamwai. Mzinda wa Koromo, kumene kunali fakitale yao, unachedwanso Toyota kuyambira 1959.

Masiku a mabvuto

Tisaganize kuti zonse zinayenda bwino. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, dziko la Japan linali pa umphawi woopsa. Mu 1950 kampaniyo inatsala pang'ono kugwa. Anchito ananyanyala nchito, ambiri anacotsedwa, ndipo Kiichiro mwini wace anatula pansi udindo. Anamwalira mu 1952 osaona kukula kwa nchito imene anaiyamba. Cimene cinapulumutsa kampaniyo ndi nkhondo ya ku Korea, imene inabuka mu 1950, pakuti asilikali a Amereka anafuna malole ambiri-mbiri nagula kwa Toyota.

Manyazi ena anawaona ku Amereka. Galimoto yao yochedwa Crown inayamba kugulitsidwa kumeneko mu 1958, koma inalephera. Inali yopangidwira misewu yoipa ya ku Japan kumene anthu ankayenda pang'ono-pang'ono. Itafika pa misewu yaikuru ya liwiro, injini yace inacepa mphamvu, ndipo inkatentha ndi kunjenjemera. Ogula anaikana, kotero kuti kampaniyo inaleka kuitumiza. Apa tiphunzirapo kanthu kofunika kwa ife: galimoto ikhoza kukhala yabwino pa msewu wa kwao, koma nkukhala yosayenera pa msewu wa eni ace.

Kuimitsa nchito

Popeza analibe cuma cotaya, anthu a Toyota anayamba kusamala kanthu kali konse. Mmodzi wa akuru a m'fakitale, Taiichi Ohno, anatenga nzeru ija ya ulusi woduka naiika m'nchito yopanga magalimoto. Pamwamba pa anchito anapacikapo cingwe. Wanchito ali yense, ngakhale wamng'ono, akaona colakwa, anali ndi ufulu wokoka cingweco kuitana kapitao, ndipo bvutolo likapanda kutha msanga, mzere wonse wa nchito unkaima. Anazindikira kuti kuima kwa kanthawi nkochipa kuposa kutulutsa magalimoto mazana-mazana okhala ndi cirema cimodzi-modzi.

M'njira imeneyi munatuluka magalimoto amene maina ao tiwadziwa ngakhale ife ana. Land Cruiser inalandira dzina lace mu 1954, Corolla inatuluka mu 1966, Hiace mu 1967, ndipo Hilux mu 1968. Pofika 2021 magalimoto a Corolla ogulitsidwa pa dziko lonse anakwana 50 miliyoni. Kuno ku Afrika, bambo wina wamalonda, Albert Wessels, anayamba kuitanitsa ma Toyota ku South Africa mu 1961, ndipo pambuyo pace fakitale yaikuru inakhazikika ku Prospecton, mumzinda wa Durban. Mbiri yabwino ya magalimotowa siinangogwa kumwamba, koma inamangidwa ndi khalidwe losalekerera colakwa cacing'ono.

Komabe ngakhale mmisiri waluso amaphonya. M'zaka za 2009 ndi 2010 kampaniyo inaitanitsa magalimoto mamiliyoni angapo kuti akakonzedwe, cifukwa mwa ena copondera moto cinkakodwa ndi kapeti wa pansi, kapena cinkacedwa kubwerera woyendetsa akacotsa phazi. Anthu ena anafa pa ngozi ku Amereka. Mu February 2010 mkuru wa kampaniyo pa nthawiyo, Akio Toyoda, mdzukulu wa Kiichiro, anakapepesa pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Amereka. Mu 2014 kampaniyo inalipira cindapusa ca madola 1.2 biliyoni cifukwa cosauza anthu zoona zonse msanga. Cotero amene amati galimoto ya dzina ili siingalakwike konse alikunama.

Ulendo wodza kuno

Tsopano tibwerere kwathu. Magalimoto ambiri amene timaona pa msewu wa Likuni, wa Bunda, kapena pa M1 podutsa pa Nathenje, sanagulidwe atsopano. Anayamba agwira nchito ku Japan. Kumeneko lamulo likuti galimoto yokwera anthu iyesedwe ikatha zaka 3, ndipo pambuyo pace zaka ziwiri ziri zonse. Kuyesako, kumene iwo amati shaken, kumadya ndarama zambiri, motero eni ace ambiri amaona kuti nkwabwino kugulitsa yakaleyo ndi kugula yatsopano. Mwai wathu ndi wakuti ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, ndipo ciongolero ciri kumanja.

Galimoto yotere imakwera sitima ya pamadzi kufika pa doko, kawiri-kawiri la Dar es Salaam. Kucoka apo imayenda ulendo wautali, kulowa m'dziko muno pa cipata ca Songwe ku Karonga, kumene mwini wace amalipira msonkho wa boma. Mtengo wace umawerengedwa m'madola, ndiye cifukwa cace pamene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya magalimoto ndi masipeyala omwe inakwera koopsa. Munthu wa kumudzi wogula galimoto lero waikapo thukuta la zaka zingapo.

Cimasiyanitsa nciani?

Ndinapeza zinthu zinai zimene zimacititsa kuti eni magalimoto a mtundu umodzi asimbe nkhani zosiyana.

Coyamba ndico moyo wakale wa galimotoyo. Ina inali ya nkhalamba imene inkangopita nayo kumsika. Ina inali ya kampani, yoyenda usana ndi usiku. Ina inacokera kumpoto kwa Japan kumene kumagwa cipale cozizira, ndipo mankhwala a mcere amene amathira m'misewu kuti cisungunuke amadya zitsulo za pansi ndi dzimbiri. Palinso amalonda ena osakhulupirika amene amabweza nambala ya makilomita kuti galimoto ioneke ngati sinayende kwambiri. Wogula amangoona cithunzi conyezimira pa foni. Akuru anati cikome-kome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Caciwiri ndico msewu. Hilux ndi Land Cruiser anazipanga zazitali ndi zolimba, zoyenera maenje ndi matope. Koma magalimoto ang'ono monga Vitz, imene inatuluka mu 1999, ndi Sienta ya mu 2003, anawapangira misewu ya tara ya m'mizinda. Ndi afupi, kotero kuti mimba yao imakhula pansi pa misewu ya kumidzi m'nyengo ya dzinja. M'cirimwe pfumbi limatseka sefa ya mpweya, ndipo injini imabanika monga munthu wa cifuwa. Ndi nkhani yomwe ija ya Crown ku Amereka, kungoti yatembenuka.

Cacitatu ndico katundu. Sienta iri ndi mipando ya anthu 7. Inu nonse mwaonapo tsiku la msika pa Mitundu kuti m'galimoto yotere mumalowa anthu angati, pamodzi ndi matumba a mtedza, mbatata ndi mitolo ya nzimbe kumbuyo. Masipuling'i, matayala ndi mabuleki anaziyesera kulemera kwina. Zikapitirira muyeso zimatha msanga, ndipo mabuleki akalephera pamtsetse, cimene citayika si ndarama zokha iai, koma miyoyo ya anthu, mwina ya anzathu a pa sukulu pano.

Cacinai ndico cisamaliro. Oilo wa mu injini amatha mphamvu, ndipo ayenera kusinthidwa pa nthawi yace. Magalimoto ang'ono ambiri a masiku ano ali ndi giya bokosi ya mtundu wochedwa CVT, imene imayenda ndi lamba wacitsulo, ndipo imafuna oilo wace-wace. Ukathiramo wina, imayamba kulira ndi kuterereka mpaka kufa. Masipeyala naonso ali pawiri: enieni ndi onyenga, ndipo onyengawo amabwera m'makatoni okongola ofanana ndi enieni. Ubwino wa Toyota kuno ndi wakuti masipeyala ace amapezeka msanga, ndipo amakaniko ambiri a ku Lilongwe amawadziwa magalimotowa monga mai adziwira mwana wace. Koma kupezeka kwa sipeyala sikutanthauza kuti ndi yabwino.

Mlandu wa pakhonde

Nditafunsa bwino atsibweni, ndinamva mutu wa nkhani ya mnzao uja. Galimoto yace inkanyamula anthu ndi matumba kupyola muyeso pa misewu ya pfumbi. Tsiku lina makaniko wina wa pansi pa mtengo anathira oilo wosayenera m'giya bokosi cifukwa anali wochipa. Galimotoyo inayamba kulira, koma mwini wace anati adzaikonza akagulitsa soya. Soya asanagulitsidwe, galimoto inaima. Kugula giya bokosi ina kunafuna ndarama zimene iye analibe.

Atsibweni ali ndi kabuku kakang'ono m'minibasi mwao. M'menemo amalemba tsiku losintha oilo ndi nambala ya makilomita. M'mawa uli wonse, dzuwa lisanatuluke, amayang'ana madzi, oilo ndi mpweya wa m'matayala. Akamva kaphokoso kacilendo amaimika galimoto tsiku lomwelo, ngakhale kondakitala adandaule kuti ndarama za tsikulo zapita. Iwo sanamvepo dzina la Sakichi Toyoda, komabe alikucita zomwe zija za makina oombera nsaru: ulusi ukaduka, imani.

Sindikunena kuti galimoto iri yonse yofa yafa cifukwa ca mwini wace. Ena anasamala ndithu, koma anagulitsidwa galimoto yodwala kale, ndipo ena anasowadi ndarama pa nthawi yoipa. Amenewo tiwamvere cisoni, tisawaseke. Koma pa zinthu zinai zija, zitatu ziri m'manja mwa wogula: kusankha galimoto yoyenera msewu wa kwao, kuinyamulitsa mwa muyeso, ndi kuisamala. Ngakhale coyamba cija cingathe kucepa ngati munthu afunsa makaniko wodziwa asanapereke ndarama, pakuti safunsa anadya phula.

Anzanga, ambiri a ife timalota tsiku limene tidzafika kumudzi pa galimoto yathu-yathu, ana alikuthamangira m'mbuyo. Malotowo si oipa. Koma makolo anu akadzakonza zogula galimoto ndi ndarama za fodya kapena za mtedza, inu amene mwapita kusukulu muwathandize kuwerenga mapepala ace, ndi kuwerengera ndarama za oilo, matayala ndi inshuwalansi za caka cathunthu asanagule. Ndipo mukakwera galimoto imene yadzaza kale, woitanira nkumati malo alipo, limbani mtima mudikire ina.

Wophunzira wa Fomu 3