Cisoti coluka cophimba ndi pamphuno pomwe

Anthu ambiri m'makomboni a Chipata akamva za ku Jumbe aganiza za kutentha cabe. Zoonadi, mu Okutobala cigwa ca Luangwa cimatentha koopsa. Koma funsani amene anakwerapo pambuyo pa lole kapena pa njinga yamoto mbandakuca mu Juni, pa mseu wopita ku Mfuwe. Mphepo imalasa m'makutu ndi m'mphuno, ndipo mukapatuka pa tala kulowa kumidzi, fumbi nalo liyamba.

Cisoti cimodzi cingathandize pa zonse ziwiri, ndipo mai aliyense wodziwa kuluka madoilo angacipange. Wulu wokwana magalamu 100 ndi wokwanira munthu wamkulu. Ngati ndalama zabvuta, gulani juzi yakale pa salaula, imasuleni, capani ulusi wake ndi kuuyanika.

Tengani singano yokhota kunsonga ija. Yambirani pa liwombo ndi kamphete kang'ono, muzionjezera maso pozungulira kufikira cikwane pamwamba pa mutu. Tsono tsikani osaonjezeranso mpaka pa nsidze. Apa ndi pamene ambiri alakwa. Siyani mpata wa maso kucokera pafupi ndi khutu lina kufika pafupi ndi linzace, lukani cheni podumpha mpatawo, ndi kupitiriza kuzungulira mpaka m'khosi. Cheniyo isathine, yesani pa mutu wa mwini wace musanapitirire. Dzuwa likakwera, mbali ya m'munsi ipindidwa m'mwamba, cikhala cisoti wamba.

Koma tisanamizane. Cisoti ici cichinga mphepo ndi fumbi lalikulu, osati tizilombo ta matenda. M'caka ca 2020, nthawi ya COVID-19, a World Health Organization analangiza kuti cophimba kukamwa cikhale ca nsalu zitatu zosanjikiza. Coluka ciri ndi mabowo amene ngakhale diso liona. Wodwala cifuwa ca TB asaganize kuti ateteza a m'nyumba mwace ndi wulu. Cimene ciwateteza ndi kumwa mankhwala osalekeza ndi kutsegula mazenera. Ndiponso mpweya wa mbaula yosiyidwa m'cipinda cotseka usiku umapha, mwabvala cisoti kapena ai.

Kwa khanda lukani cisoti ca kumutu kokha. Mwana wobadwa kumene ataya kutentha msanga kudzera m'mutu, motero kasoti kamthandiza, makamaka wobadwa masiku osakwana. Koma pamphuno ndi pakamwa pace pasakhale kanthu, pakuti sangathe kudzicotsera yekha mpweya ukacepa. Agogo okonda kufunditsa mwana mpaka kumaso, pepani, apa timverane.

Mwana akayamba kutsokomola, osathamangira kunena kuti ndi mphepo cabe. Werengani mpweya wace pa mphindi imodzi ali cete. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika pa 50, kapena wa caka 1 mpaka zaka 5 akafika pa 40, kapenanso nthiti zikamalowa m'kati popuma, cingakhale cibayo. Pitani naye tsiku lomwelo ku kiliniki yapafupi kapena ku cipatala ca Kamoto.

Cisotico cicapidwe ndi sopo kawiri-kawiri, cifukwa mbali ya pakamwa imanyowa ndi mpweya ndi mamina, ndipo ana asamabwerekane.