Zimene Dzanja Limaiwala Munthu Akazolowera Kutayipa

Akatswiri a za ubongo ndi kaphunziridwe ka ana amaika kulemba pamanja m'gulu la maluso a kayendedwe ka thupi, kutanthauza maluso amene munthu sawasunga ngati mfundo zoti angazinene pakamwa, koma amakhazikika m'ubongo ndi m'minofu chifukwa chobwereza ntchito imodzimodziyo kambirimbiri. Mayi wodziwa kupeta sangalongosole bwinobwino mmene amayendetsera lichero kuti madeya apatukane ndi mphale, komabe manja ake amadziwa, ndipo atakhala zaka zambiri osapeta angayambe mwachibwibwi ngakhale kuti maso ake akudziwabe mphale yoyera bwino. Chimodzimodzinso chilembo chilichonse chimene munthu anaphunzira kulemba chili ndi dongosolo lakelake losungidwa m'ubongo, lonena pamene cholembera chiyambire, kumene chikhotere, mphamvu imene chala chiike, ndi pamene dzanja linyamuke.

Kuti zimveke chifukwa chake kutayipa kumafooketsa lusoli, m'pofunika kusiyanitsa ntchito ziwiri za ubongo zimene anthu ambiri amaziona ngati imodzi. Yoyamba ndi kuzindikira, kumene kumachitika chinthu chikakhala pamaso pa munthu ndipo iye angofunika kuvomereza kuti ndi chomwecho. Yachiwiri ndi kutulutsa chinthu kuchokera m'mutu popanda chokumbutsira chilichonse, ndipo imeneyi ndi yovuta kwambiri kuposa yoyambayo. Wotayipa amagwira ntchito yoyamba yokha, popeza zilembo zili kale pa kiyibodi, zonse zimatuluka mwa kudina kofanana, ndipo foni zamakono zimamalizitsa mawu mwini wake asanafike pakati. Wolemba ndi cholembera alibe chomuthandiza choterocho, chifukwa pepala lopanda kanthu silimuuza chilichonse.

Kumene kusiyanaku kumaonekera poyera kwambiri ndi ku China. Chinenero cha kumeneko chimalembedwa ndi zizindikiro zoimira mawu kapena mbali za mawu, ndipo munthu amafunika kudziwa zizindikiro pafupifupi 3,500 kuti aziwerenga zinthu za tsiku ndi tsiku mosavutika, zina mwa izo zokhala ndi timizere toposa makumi awiri tofunika kulembedwa motsatana bwino. Kale mwana ankaphunzira chizindikiro chilichonse pochilemba mobwerezabwereza mpaka dzanja lizolowere. Lero ambiri amatayipa pogwiritsa ntchito pinyin, njira yolembera kamvekedwe ka mawu a Chitchaina ndi zilembo za Chilatini imene boma linaivomereza mu 1958: munthu amalemba mmene liwulo limamvekera, foni imamuonetsa zizindikiro zingapo za kamvekedwe komweko, ndipo iye amangosankha cholondola. Zotsatira zake n'zakuti munthu wophunzira bwino, amene amawerenga nyuzipepala popanda vuto, amatha kugwira cholembera n'kupeza kuti chizindikiro chimene wakhala akuchiona tsiku lililonse sichikubwera. Vutoli n'lofala moti lili ndi dzina lake, tibi wangzi, ndipo pa kafukufuku amene nyuzipepala ya China Youth Daily inachita mu 2010 pofunsa anthu 2,072, anthu 83 pa 100 alionse anavomera kuti limawachitikira. Mu 2013 wailesi ya kanema ya boma, CCTV, inayambitsa mpikisano wa ana asukulu wolemba zizindikiro pamtima, ndipo akuluakulu ambiri oonera anadzipeza akulephera mawu amene anawo ankalemba mosavuta.

Ku Japan, kumene boma limazindikira zizindikiro 2,136 zogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku, nthambi ya boma yoona za chikhalidwe inalengeza mu 2012 kuti anthu 66.5 pa 100 alionse amene inawafunsa anati luso lawo lolemba zizindikirozo molondola latsika chifukwa cha makompyuta ndi mafoni.

Olemba ndi zilembo za Chilatini, monga olemba Chichewa, saiwala chilembo chathunthu motero, popeza zilembozo n'zochepa ndiponso n'zosavuta. Chimene wamkulu amataya ndi liwiro, kupirira kwa dzanja, ndi maonekedwe a malembo, moti amene kale ankadzaza masamba angapo osapuma amayamba kumva kuwawa m'zala tsamba limodzi lisanathe. Kutaya kotereku si koopsa kwenikweni, chifukwa dongosolo limene ubongo unasunga paubwana silifufutika, ndipo limabwerera munthu akayambanso kulemba kawirikawiri. Nkhawa yeniyeni ili pa mwana amene dongosololo sanalimangebe.

Umboni wamphamvu pa mfundoyi unachokera kwa Karin James wa ku yunivesite ya Indiana, ku America, amene mu 2012 anafalitsa kafukufuku wa ana a zaka zisanu osadziwa kuwerenga. Anawo ankaphunzira zilembo m'njira zitatu, kuzilemba okha ndi dzanja, kuzitayipa, ndi kudutsa cholembera pamwamba pa timadontho tojambulidwa kale, kenako ankaziyang'ana ali m'makina a fMRI, amene amaonetsa mbali za ubongo zimene zikugwira ntchito poyeza kayendedwe ka magazi. Mbali zimene akuluakulu amagwiritsa ntchito powerenga zinadzuka kwambiri pa zilembo zimene ana analemba okha. Chofunika kuchiganizira mofatsa n'chakuti kudutsa pa timadontho, kumene makolo ndi aphunzitsi ambiri amakukhulupirira chifukwa kumatulutsa ntchito yooneka bwino m'kope, sikunafanane ndi kulemba pawekha. Malinga ndi kufotokoza kwa James, malembo okhotakhota a mwana wongoyamba kumene ndiwo amaphunzitsa ubongo, chifukwa mwana akalemba chilembo cha a kakhumi, china chachikulu, china chopendekeka, china chosatsekeka bwino, ubongo umakakamizika kupeza chimene chimachititsa zonsezo kukhala chilembo chimodzi, ndipo akatero amatha kuchizindikira m'buku, pa bolodi, ndi m'kalata yolembedwa ndi munthu wina. Kiyibodi imatulutsa chilembo chofanana ndendende nthawi zonse, choncho phunzirolo silichitika.

Pali chinthu chinanso chimene dzanja limachita chimene diso palokha limavutika nacho. Ubongo wa munthu unapangidwa kuti uziona chinthu kukhala chimodzimodzi kaya chayang'ana kumanja kapena kumanzere, ndipo zimenezi n'zothandiza pa moyo wonse kupatula powerenga, pamene b ndi d ndi zilembo ziwiri ndipo bala si dala. Mphunzitsi aliyense wa Sitandade 1 amadziwa ana otembenuza zilembo zimenezi, ndipo nthawi zambiri si chizindikiro cha matenda. Kwa diso, zilembo ziwirizi ndi chithunzi chimodzi chotembenuzidwa, koma kwa dzanja ndi maulendo awiri osiyana, chifukwa b amayambira pa mzere wotsika pamene d kawirikawiri amayambira pa mkombero. Marieke Longcamp ndi anzake ku Marseille, m'dziko la France, anaonetsa mu 2005 kuti pakati pa ana a zaka zitatu mpaka zisanu, okulirapo amene anaphunzira zilembo pozilemba ankazizindikira bwino kuposa amene anaziphunzira pa kiyibodi.

Si kafukufuku yense amene ali wolimba chonchi, ndipo n'kulakwa kumunena ngati kuti ndi wolimba. Mu 2014 Pam Mueller ndi Daniel Oppenheimer anapeza kuti ophunzira a kuyunivesite olemba manotsi pamanja ankamvetsa mfundo kuposa otayipa, chifukwa dzanja, pokhala lochedwa, limakakamiza munthu kusankha ndi kufupikitsa m'malo mokopera liwu lililonse la mphunzitsi. Koma ena amene anabwereza kafukufukuyu mu 2019 sanapeze kusiyana koonekeratu. Mu 2024 Audrey van der Meer ndi Ruud van der Weel a ku Trondheim, m'dziko la Norway, anayeza mphamvu za magetsi za m'ubongo wa ophunzira ndi tizipangizo 256 toikidwa kumutu, n'kupeza kuti mbali za ubongo zimalumikizana kwambiri polemba pamanja, komatu ophunzirawo ankatayipa ndi chala chimodzi chokha, ndipo zimene anaphunzira sizinayesedwe. Komanso kwa mwana wolumala dzanja, kapena amene ali ndi vuto la disigirafiya, lomwe ndi kulephera kupanga zilembo bwino ngakhale nzeru zili zonse, kiyibodi ndi chithandizo chimene sayenera kumanidwa.

Maiko olemera akhala akusinthasintha maganizo. Miyezo ya maphunziro ya Common Core, imene zigawo zambiri za America zinailandira kuyambira mu 2010, sinaphatikize kulemba kolumikiza zilembo, koma chigawo cha California chinakhazikitsa lamulo mu 2023 lobwezeretsa kalembedweko m'sukulu za pulayimale. Finland inasiya kukakamiza kulemba kolumikiza mu 2016, pamene Sweden inalengeza mu 2023 kuti ibwerera kwambiri ku mabuku osindikizidwa m'makalasi a ana aang'ono. Mkangano wambiri kumeneko wakhala pa kulumikiza zilembo, nkhani imene ndi yaing'ono poyerekeza ndi funso lakuti kodi mwana akupanga chilembo ndi dzanja lake kapena ayi.

Funso limeneli lafika ku Malawi. Pulogalamu ya boma ya BEFIT, imene inayamba mu 2023, ikufikitsa matabuleti ophunzitsa kuwerenga ndi masamu kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu za boma, ndipo m'kalasi mmene mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana oposa zana, chipangizo choyankha mwana aliyense payekha n'chamtengo wapatali. Chofunika kuchiteteza ndi nthawi yolemba, kuti isachepe chifukwa choganiza kuti tabuleti yagwira kale ntchito yonse. Kulemba ndi chala pamchenga, ndi choko pasileti kapena ndi pensulo m'kope, kumene ena amakuona ngati chizindikiro cha umphawi, kungapatse ubongo zimene kafukufuku wa James anazipeza, malinga mwanayo akupanga chilembocho yekha. Ndiponso mayeso a PSLCE, JCE ndi MSCE amene bungwe la MANEB limayendetsa amalembedwa pamanja, kotero wophunzira wa sekondale amene zala zake zazolowera WhatsApp kuposa cholembera amalowa m'chipinda cha mayeso ndi dzanja lotopa msanga, ndipo wochonga mayesoyo sangapereke malikisi pa yankho limene sakutha kuliwerenga.