Phungu akachotsedwa, wovota wa ku Angónia amafunsidwa?

Ife a ku Ulongwe, kuno ku Angónia m'dziko la Mozambique, timamvera wailesi za ku Malawi ngati zathu, choncho mkangano wa gawo 65 la malamulo oyendetsera dzikolo, lokhudza aphungu osintha chipani, tinautsatira bwino. Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anamutsatira. Otsutsa anakakamiza Sipikala Louis Chimango kuti awalande mipando, ndipo mu 2007 bajeti inachedwa chifukwa cha nkhani yomweyi.

Ambiri kuno sadziwa kuti lamulo lotere lilipo kwathunso. Malamulo oyendetsera dziko la Mozambique a 2004 amati phungu wa ku Assembleia da República amataya mpando akalowa chipani china chosiyana ndi chimene chinamuimika, akaweruzidwa kukhala m'ndende zaka zoposa ziwiri pa mlandu wochita dala, kapena akapanda kukakhala pampando wake kapena akajomba kupyola muyeso. Ndi chifukwa chake kunyanyala kuli ndi malire. Aphungu 89 a Renamo anakana kulumbira mu January 2015, koma pofika February anali atalowa m'nyumbamo.

Chimene chimandiwawa ndi zimene zimachitika mpando ukatsala wopanda munthu. Kutsidya kwa malire, ku Dedza, phungu ali ndi dera lake, ndipo akachotsedwa anthu amakavotanso. Kuno ayi. Timavotera mndandanda wa chipani wa chigawo chonse cha Tete, kuyambira ku Zumbo mpaka ku Mutarara. Wina akachotsedwa, amalowa suplente, munthu wotsatira pamndandanda womwewo, popanda kufunsa aliyense wa ife. Mayi wolima kachewere ku Dómuè sadziwa n'komwe kuti womuimira wasintha, ndipo mwina dzina la woyambayo sanalimvepo.

Sindikunena kuti lamuloli n'loipa. Munthu wolowa ndi mavoti a chipani china n'kukadyera kwina ayenera kutuluka ndithu. Koma taonani amene lamuloli likumuteteza. Phungu akalakwira chipani, chilango chilipo. Akalakwira ife, osabwera kudzaona msewu wokumbika kapena kumva za mtengo wa feteleza kwa zaka zisanu, palibe ndime yomugwira, bola azisayina kuti wafika ku Maputo.

Choncho pa chisankho chikudzachi, musangoyang'ana chizindikiro cha chipani. Funsani mayina amene ali pamndandanda wa Tete, a ma suplente omwe, ndipo mufunse kuti mwa iwo wa ku Angónia ndani.